Mbali ya Esinati

Amene munayendapo msewu wa ku Dedza zaka zapitazo mukhoza kukumbukira khonde la golosale ya bambo Kamzimbi pa Linthipe, pamene pankakhala makina awiri osokera ogundana miyendo. Amene simunapaone sendezani mipando yanu kuno, chifukwa anthu amene anaziona izi amazikamba motsitsa mawu ngakhale dzuwa likuswa mtengo.

Makinawo anali a amapasa, Lufina ndi Esinati, a mfunda wa Nachisale. Chibadwire chawo, Esinati ankakhala kumanzere kwa Lufina: pamphasa ali ana, panjira ya kumjigo, pabenchi la m'tchalitchi, ndi pakhondepo. Chinthu chilichonse ankagawana pakati, kaya mbatata, kaya mtanda wa sopo. Sukulu anailekera sitandade 3, koma Lufina anadziphunzitsa yekha kuwerenga tepi ndi kudula nsalu pomasula zovala za kaunjika msoko ndi msoko, kufikira atamvetsa mmene anaziikira amene anazisoka. Munthu wosapempha, wosabwereka ngakhale singano. Iye analibe mwana. Esinati anali ndi mmodzi, Sungeni, amene ukwati wake unali utalengezedwa kale pamene mayi ake anamwalira m'mwezi wa Julaye, atasiya nsalu yoyera ya diresi la ukwatiwo isanakhudzidwe ndi sizasi.

Kubanja kwawo kunali mwambo wa amapasa. Mmodzi akatsogola, m'bokosi mwake ankaikamo chipatso cha mvunguti chokulunga m'kansalu ka wotsalayo, n'kuchigoneka kumbali imene mnzakeyo ankakhala onse ali moyo, kuti wopitayo akapapasa apeze kuti sali yekha. Akulu a mpingo sankazifuna zimenezi, choncho zinkachitika mobisa, bokosi lili pafupi kutsekedwa. Azakhali awo, aNagama, anabwera nacho chipatsocho atachibisa m'chitenje, koma Lufina anatambasula dzanja.

"Azakhali, m'mimba muja tinali awiri. Inu munali panja. Ndiika ndekha."

Anaima kumiyendo kwa malemu, nawerama ngati akuwongola nsalu, nachilowetsa chipatsocho kudzanja lamanja la iye mwini osaganiza kawiri, pakuti moyo wake wonse iye anali wa kumanja. ANagama anatsegula pakamwa, koma kwaya inali itayamba nyimbo ndipo mkulu wa mpingo anali ataima pomwepo. Chivindikiro chinatsika.

Patapita masabata atatu, Lufina anabwerera pakhonde. Makina a Esinati anawafunditsa chitenje, koma sanalole kuti achotsedwe. Tsiku lachiwiri, dzuwa lili paliwombo, anawerama kuti atole tepi, mutu unazungulira, lilime linalemera, ndipo anamva ngati munthu wakhala pambali pake, benchi n'kutsika pang'ono. Zinatha msanga. Sanauze munthu.

Zinayamba ndi zing'onozing'ono. Anayeza chifuwa cha mayi wina, tepi inati 36, iye analemba 6 m'kope. Anagula banzi, nadya mbali imodzi, n'kuikulunga inayo m'pepala ngati nyenyeswa zotaya. Kenaka kunabwera malaya a bambo Kamzimbi.

"Mayi aNachisale," anatero mwini golosaleyo atawanyamula m'mwamba, "kodi mwamva kuti dzanja langa lina akalidula kuchipatala? Bwanji osandiuza mwini wake?"

"Mukufuna kunena chiyani?"

"Mkono wina uli kuti? Kapena ndi fashoni ya ku Joni?"

Anyamata a kabaza amene anali pamthunzi anaseka. Lufina anawayang'ana malayawo ndipo anawaona athunthu. Panalibe dzenje, panalibe mdima, panalibe posowa kanthu. Anali malaya basi.

"Bambo Kamzimbi, ndasokera anthu pakhonde lino zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi. Ngati mwayamba kumwa m'mawa, kamwereni kuseri."

Bamboyo anasiya kuseka. Pang'onopang'ono anawatembenuza malayawo, kumbuyo kukhala kutsogolo. Pamenepo Lufina anaona phewa lopanda mkono, ulusi ukulendewera. Koma mkono uja anausoka yekha m'mawa womwewo unali utasowa. Anamuuza bamboyo kuti atembenuzenso. Mkono unabwerera, phewa lija n'kusowa. Anawalanda malayawo, nawalowetsa pansi pa makina, nati awatenge mawa.

Sabata lomwelo bambo Kamzimbi anayamba kutseka wailesi masana n'kumatchera khutu. Ali m'kati mwa golosale ankamva makina awiri, ena othamanga, ena odekha, monga zinkamvekera kale. Akasuzumira pakhomo ankapeza Lufina yekha akupalasa, ndipo chitenje chofunditsa makina enawo chikugwedezeka m'munsi ngakhale kunalibe mphepo. Lachinayi lina panatsika mayi wachilendo m'minibasi ya ku Ntcheu, mwana kumbuyo, kudzafunsa njira ya kuchigayo. Anagwada mwaulemu, napereka moni wa pamanja kwa Lufina, kenaka anasendeza mawondo natambasula dzanja kumanzere. Analigwira m'malere kanthawi, nalibweza, naliyang'ana, n'kulipukutira pachitenje.

"Achemwali anuwa akudwala?" anafunsa monong'ona. "Manja kuzizira chonchi."

Sanadikire yankho, ndipo njira ya kuchigayo sanaifunsenso. Kuyambira tsiku limenelo a kabaza anasamutsa njinga zawo kupita kutsidya kwa msewu.

Sungeni ndiye anaumirira za chipatala. Mtsikanayo ankakhala ndi Lufina chimwalirire mayi ake, ndipo ankaona mbale ya mpunga ikubwerera itadyedwa mbali imodzi, malire ake owongoka ngati odula ndi mpeni.

"Amayi, tipite. Ngati simukufuna kuti anthu adziwe, tidzati tikukagula mabatani kutauni."

"Sindikudwala."

"Dzulo mwadzola mafuta tsaya limodzi. Lero mwapesa mbali imodzi. Mukufuna akuuzeni ndi anthu a pamsika?"

Mawu amenewo ndiwo anamunyamula Lufina.

Dokotala anali bambo wa imvi zochepa, wosapupuluma. Anamuyeza magazi, anamuunika m'maso, kenaka anatenga pepala najambula mtengo kumanzere ndi nyumba kumanja, nati ajambule zomwezo pansi pake. Lufina anajambula mosamala, ndi dzanja la munthu wozolowera choko, nabweza pepalalo monyadira. Sungeni anagwira pakamwa. Panali theka la mtengo ndi theka la nyumba, chilichonse chodulidwa pakati, mbali yake ya kumanzere palibe.

"Maso anu ali bwino, mayi," anatero dokotalayo. "Taonani. Mtengowu uli kumanzere kwa pepala, koma mwauona ndipo mwaujambula. Chimene simukuona ndi mbali ya kumanzere ya chinthu chilichonse pachokha, kaya chili kuti. Ubongo sungosunga kuti chinthu chili kumanja kapena kumanzere kwa inu. Umasunganso kuti chinthucho chili ndi mbali zakezake, kumutu kwake ndi kumiyendo kwake, uku ndi uko. Kamtsempha kena kanatsekeka m'mutu mwanu, cha kumanja, ndipo malo amene amagwira ntchito imeneyi anavulala. Ndi sitiroko yaing'ono."

"Bwanji sindiona kuti pakusowa kanthu?"

"Chifukwa chimene chikanakuuzani kuti pakusowa kanthu ndi chomwecho chavulalacho."

Anamupatsa mapiritsi a kuthamanga kwa magazi. Anati azitembenuza mbale akadya mbali imodzi, azitsatira m'mphepete mwa nsalu ndi chala mpaka chala chigwe, ndipo azimangirira ulusi wofiira kumapeto a chinthu kuti azidziwa pamene chathera. Za kuchira anati ena amachirako, ena ayi.

Lufina anaimirira, nakonza mpango wake. "Adokotala, theka linalo limapita kuti?"

"Silipita kulikonse, mayi. Lilipo."

"Ngati lilipo, ndani akuliona?"

Dokotalayo anayamba kuseka, koma ataona nkhope ya mayiyo anangoweramira m'buku lake.

Anayesa kutsata malangizowo. Masana ake anadya mbali imodzi ya mpunga, natembenuza mbale, ndipo mpunga wina unaonekeradi, wosakhudzidwa. Anatapa. Unali wozizira ngati wagona pamwala, wopanda mchere, wopanda fungo, ngakhale kuti unachokera m'poto yomweyo. Anaumeza mokakamiza, nauza Sungeni kuti wakhuta.

Mbiri inafika kumudzi, ndipo aNagama anabwera Lolemba, akutsimphina ndi ndodo. Sanakhale pabenchi. Anayala chitenje pansi, kumanja kwenikweni kwa khonde, nakhala chopereka msana ku makina ofunditsa aja.

"Mwana wa achimwene anga, ndabwera ndi mawu awiri. Oyamba ndi akuti ndinaona, koma ndinakhala chete. Tsiku la maliro lija unaima pati?"

"Kumiyendo."

"Chipatso unachiika dzanja liti?"

"Lamanja. Ine ndine wa kumanja, mukudziwa."

"Wa kumanja mukamayenda limodzi, nonse nkhope kutsogolo. Koma tsiku lija unamupenyetsetsa kumaso. Dzanja lako lamanja linali kumanzere kwake." Gogoyo anagunda pansi ndi ndodo. "Iwe telala, umadziwa kuti munthu akakuimirira kutsogolo mkono wake wamanja uli kumanzere kwako. Zaka zonsezi sunasokonezepo pa malaya a eni. Unakasokoneza pa m'bale wako. Akupapasa kumanja kwake, kumene iwe unkakhala, akupeza thabwa. Ndiye wabwerera pamalo pake. Ndipo inu awiri simunadyepo kanthu osagawana pakati."

Lufina atayankha, mawu ake anali osalala. "Adokotala ati ndi mtsempha."

"Mwina ndi mtsemphadi. Ine sindinawerenge. Koma mtsempha supereka moni kwa alendo."

"Nanga tingachite chiyani, agogo?" anafunsa Sungeni, amene ankamvetsera ali pambali.

"Manda safukulidwa, mwanangu. Mawu anga achiwiri ndi awa. Abale agwirizana kuti mayi akowa abwere kumudzi, tikawasunge. Asamachititse manyazi pamsewu, anthu akuwaloza. Diresi lako tikabwereka kutauni."

"Mwana wa Esinati sakwatiwa ndi diresi la eni," anatero Lufina. "Nsalu ilipo, ndipo ndinalonjeza mayi ake asanatseke maso. Mundipatse mpaka Loweruka. Likamukwana, mundisiye pakhonde panga ndipo nkhani iyi isadzamvekenso. Likalephereka, bwerani ndi galimoto. Sindidzakuvutitsani, ndidzakwera ndekha."

ANagama anamuyang'ana, napukusa mutu, nati Loweruka abwera.

Palibe chovala chimene Lufina anachisamala ngati chimenecho. Anamuyeza Sungeni kawiri, mtsikanayo akuwerenga yekha manambala mokweza. Anapinda nsalu pakati monga amachitira atelala onse, kuti mbali ziwiri zituluke zofanana, nadula chala chikutsogolera sizasi. Yotsala, yokwana velo, anaipinda naiika m'sutikesi yachitsulo. Anaganiza zosoka mbali ya kumanja yonse poyamba, imene ankaiona, kenaka atembenuze diresilo kuti inayo ibwere kumene maso ake amafika. Dzuwa likapendeka ankatsekera zonse m'sutikesimo, kiyi n'kumangirira m'khosi.

Lachiwiri, Lachitatu ndi Lachinayi anapalasa osadzutsa mutu. Bambo Kamzimbi ankamubweretsera tiyi n'kumuikira m'manja, osanena nthabwala ngakhale imodzi. Lachinayi anaima pakhomo kanthawi, akukanda m'mutu.

"Mayi aNachisale, sindikufuna kukulowererani. Koma makina enawa bwanji tiwalowetse m'nyumba? Fumbi lingawawononge."

"Fumbi silinawawononge zaka zonsezi."

"Ayi, n'zoona. Kungoti makasitomala akudandaula phokoso."

"Phokoso la makina ofunditsa?"

Bamboyo analowa m'golosale.

Lachisanu, mithunzi itabisala pansi pa eni ake, Lufina anamaliza mbali yake. Anadula ulusi, napuma, nanyamula diresi n'kulitembenuza. Anayembekezera zidutswa zogwidwa ndi mapini.

Mbali ija inali yosokedwa kale. Phewa, mkono, chiuno, mpaka m'munsi, zonse zomalizidwa ndi kusitidwa.

Anadziuza kuti mwina anasoka yekha osadziwa. Dokotala uja akananena choncho. Anayendetsa chala m'kati mwa mkono, pamene amamalizira pamanja. Misokoyo inali yaing'ono, yoyandikana, yopendekera mbali imene dzanja lake silipendekera. Inali misoko ya munthu wamanzere, ndipo pa Linthipe ponse telala wamanzere anali mmodzi yekha, Esinati. Benchi linalira pang'ono pambali pake, ngati munthu akuwongola msana atamaliza ntchito.

Lufina sanatembenuke. Anapinda diresilo, nalitsekera. Mumtima mwake munalowa kachiyembekezo kamene anachita nako manyazi: mwina m'bale wake sanabwere kudzalanda, mwina anabwera kudzathandiza mwana wake. Sanauze munthu.

Loweruka m'mawa aNagama anafika ndi kagalimoto ka mabokosi a tomato, kamene dalaivala wake anakaimika patali. Sungeni analowa m'chipinda chosungira katundu kuseri kwa golosale, ndipo Lufina anamuveka yekha. Atatuluka naye pakhonde, Lufina anabwerera m'mbuyo kuti amuone bwino, ndipo chimene anaona chinali chokongola koposa zonse anasokapo. Chiuno chinagwira, phewa linakhala, mkono unathera ndendende pamfundo ya dzanja.

"Mwaona, azakhali?" anatero. "Uzani dalaivala wanu azipita."

Bambo Kamzimbi anali atavula chipewa. Sungeni anagwira phewa linalo.

"Amayi," anatero mtsikanayo, "mbali iyi si yanga."

"Tembenuka."

Anatembenuka, ndipo mbali inayo inalowa m'maso mwa Lufina. Phewa linali kugwa, chiuno chinali chotakata moti mukanalowa mwana, mkono unapitirira zala n'kulendewera. Kumbuyo kunalibe zipi, kunalibe mabatani. Kunali kotseguka kuchokera kukhosi mpaka m'munsi, ndi timizere titatu ta nsalu tomangira.

ANagama, amene anasambitsa ndi kuveka maliro ambiri m'moyo wawo, anaphimba nkhope ndi chitenje. "Muvuleni mwanayo. Muvuleni msanga! Chomanga kumbuyo chonchi savala munthu woyenda."

Sungeni analowa kuseri akulira, nabwerera atavala zake, diresi lili m'manja motalikitsa ndi thupi. Ankafuna kuliponya pansi, koma Lufina analilandira, naliyala pamakina, nalisalaza ndi chikhatho.

"Tinadula limodzi, amayi," anatero Sungeni. "Ndinaona. Mbali zonse zinali zofanana."

Lufina anatsegula sutikesi natulutsa nsalu ya velo. Inali yodulidwa mwaukhondo, yochepa kusiyana ndi mmene anaisiyira. Anaitambasula, naiyeza ndi mkono, nayang'ana kutali.

"Tenga tepi, Sungeni. Yeza mkono wa diresi, wautaliwo. Werenga mokweza."

"Twente-folo."

"Tsopano yeza wanga. Kuyambira paphewa."

"Amayi, chonde."

"Ndati yeza."

Mtsikanayo anayeza. Tepi inathera pa nambala yomweyo. Anangogwada pansi n'kukumbatira miyendo ya mayi akewo.

Dalaivala analiza hutala. ANagama anadzuka movutikira, nati, "Tiye, mwana wa achimwene anga. Unanena wekha. Siya zimenezo, tikazitentha."

"Ndinanena, ndipo ndikwera," anatero Lufina. "Sungeni, dzuka, usalire pamsewu. Udzakwatiwa ndi diresi lobwereka, ndipo umukhululukire mayi wakoyu, ndinayesa. Bambo Kamzimbi, malaya anu aja ali pansi apa, mukapatse wina amalize. Musalipire kanthu."

Kenaka anakhala pabenchi, nasendera pang'ono kumanja, natenga kalumo komasulira misoko. Anapeza msoko wa paphewa umene anausoka yekha masiku anayi aja, nayamba kuudula ulusi umodziumodzi.

"Ukutaninso?" anafunsa aNagama.

"Mbali iyi ndi yaing'ono. Nsalu yatsalayi ikwana ndendende. Esinati anayeza bwino, sanalakwitsepo muyeso chibadwire." Anakoka ulusi, naukulunga kuchala. "Uzani dalaivala adikire mpaka dzuwa lipendeke. Anthu adzabwera kudzaona nkhope, ndipo adzayang'ana chimene ndavala. Sindingagone pamaso pa anthu ndi chovala chopendekeka."

Anaponda chopalasira. Bambo Kamzimbi analowa m'golosale, natseka chitseko, nakweza wailesi mpaka pamapeto.